Sikimu ya kuchipatala yakweranso mtengo: kodi antchito ndiwachotsemo?

Funso lochokera kwa mayi wina wa bizinesi ku Luwinga, mu Mzuzu:

Ine ndi amuna anga tili ndi kampani yocheka, kupala ndi kugulitsa matabwa. Antchito okhazikika alipo 42, ndipo onse tidawaika pa sikimu ya kuchipatala pamodzi ndi mabanja awo. Ndalama yolipira pamwezi ikungokwera chaka ndi chaka, ndipo kalata ya chaka chino yandiumitsa thupi. Chonsecho antchito amabwerabe ku ofesi kudzapempha adivansi yolipirira shortfall, ndalama yotsala pa bilu ya kuchipatala imene sikimu siilipira. Bambo akuti tingoisiya sikimuyo, aliyense timuwonjezere kangachepe pa malipiro ake kuti akadwala aziona yekha chochita. Kodi nzeru imeneyi ndi yabwino?

Yankho:

Amayi, mu sikimu musatulukemo, komanso kalatayo musaisayinire mmene yabwereramo. Nzeru ya bambo ikuoneka yopepuka papepala, koma ine ndimaiona ngati yodula kuposa zonse, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Choyamba tione chomwe chikukankha mtengowo, chifukwa zina mwa zifukwa zake zili kunja kwa mpanda wanu pomwe zina zili m'kati momwemo.

Chachikulu ndi kwacha. Mankhwala ambiri amene timamwa m'dziko muno, magolovesi, majakisoni, mankhwala oyezera magazi ku labu, pafupifupi zonsezi zimagulidwa kunja ndi madola, zambiri ku India. Mu May 2022 Reserve Bank idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Uwu unali mtengo wa kubanki pa nthawiyo, ndipo kubankiko madolawo amavuta kuwapeza. Woitanitsa mankhwala amene wawapeza m'njira zina amagula modula kuposa apa, ndipo mtengowo amaukankhira kwa wa famase, wa famase kwa sikimu, sikimu kwa inu. Onjezanipo dizilo wa jenereta pamene magetsi azima. Onjezaniponso kuti mankhwala akasowa m'zipatala za boma, anthu amene akadathandizidwa kwaulere amathamangira ku pulayiveti ndi khadi lawo. Zimenezi simungazisinthe muli ku Luwinga.

Zomwe mungasinthe ndi mmene anthu anu akugwiritsira ntchito khadilo, khomo limene amayambira akadwala, ndi nthawi imene matenda awo akudziwikira. Pamenepa m'pamene pali ndalama yanu.

Tibwerere kwa bambo. Munthu mukamuwonjezera ndalama pa malipiro n'kumuuza kuti iyi ndi ya kuchipatala, mwezi womwewo ndalamayo ipita ku ufa, ku lendi ndi ku fizi, ndipo sindingamudzudzule, chifukwa njala ya lero imaoneka pomwe matenda a mawa saoneka. Tsiku limene mkazi wake adzafunike opaleshoni, kapena mwana adzagonekedwe, munthuyo adzaima pakhomo pa ofesi yanu chipewa chili m'manja. Kwathu kuno bwana sabweza wantchito amene mwana wake ali pa oxygen. Mudzapereka, ndipo mudzapereka kuchokera m'thumba la kampani, ndalama yonse, popanda wina wogawana naye. Akapanda kubwera kwa inu apita kwa a katapila, ndiye mudzakhala ndi munthu pa makina ocheka amene maganizo ake ali pa ngongole. Komanso ndalama yoikidwa pa malipiro imadulidwa msonkho wa PAYE, ndipo mukailowetsa m'malipiro enieni ikweza 10 peresenti imene mumasonkhera penshoni yake.

Sikimu ili ngati thumba la zamaliro limene antchito amasonkherana: phindu lake si kwa aliyense mwezi uliwonse, koma kwa mmodzi uja tsiku limene zamugwera. Anthu 42 okha ndi ochepa kwambiri kuti asenze okha matenda aakulu. Munthu mmodzi wa khansa kapena wa impso akhoza kumaliza zosonkha za gulu lonse za chaka chathunthu. Pa sikimu mtolo umenewo umagawidwa kwa anthu masauzande.

Palinso mbali ya malamulo. Palibe lamulo lokakamiza kampani yomwe si ya boma kuika antchito pa sikimu, koma ngati mudalemba m'makalata awo a ntchito kapena m'ndondomeko ya kampani, chasanduka gawo la mgwirizano, ndipo kuchichotsa panokha osakambirana nawo kukhoza kukufikitsani ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court, yomwe ili ndi ofesi mu Mzuzu momwemo. Ndipo sikimu ikhalepo kapena isakhalepo, Employment Act ya 2000 imati wantchito amene watha chaka akadwala, dokotala n'kutsimikiza, ali ndi ufulu wa masabata anayi a tchuthi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Ndiye kuti munthu wochedwa kulandira chithandizo mumamulipirabe ali gone, makina ake ali chilili.

Tsono chochita. Musanayankhe kalatayo, pemphani a sikimu lipoti la mmene gulu lanu lagwiritsira ntchito ndalama m'miyezi 12 kapena 24 yapitayi: mudapereka zingati, iwo adalipira zingati, ndipo zidapita kuti, kaya kuonana ndi dokotala n'kubwerera kunyumba, mankhwala, labu, kugonekedwa, uchembere, mano, magalasi a maso. Mabwana ambiri sadapemphepo pepala limeneli, amangodandaula ndi chiwerengero cha pansi pa kalata. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse imene mudapereka iwo adalipira K55. Pamenepo muli ndi pakamwa poyankhulira, mukhoza kuwauza kuti gulu lanu likuwapindulira ndipo mukufuna kukwera kochepa, apo ayi mukafunsa kwina. Koma ngati adalipira K115 pa K100 yanu, dziwani kuti makampani ena ndiwo akukusenzani, ndipo kukalipa sikuthandiza. Vuto lili kwanu, mulifufuze.

Lipotilo likhale la gulu, lopanda mayina. Simukufunika kudziwa kuti uje amadwala chiyani, ndipo ndikuchenjezeni kuti musayese. Lamulo la HIV ndi Edzi limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti alembedwe ntchito, ndiponso kumuchotsa chifukwa choti ali ndi kachilombo. Kupatula lamulo, antchito akangonunkhiza kuti mayi akumaona mapepala awo a kuchipatala, amasiya kupita msanga, ndipo ndicho chinthu chomwe simukuchifuna.

Kenako tengani mndandanda wa onse amene mukuwalipirira, muuyang'ane dzina ndi dzina. Ndi ntchito yotopetsa ya masana amodzi, koma kawirikawiri mumapezeka munthu amene adasiya ntchito kalekale, mwana amene adapitirira zaka zovomerezeka, kapena banja limene onse awiri ali pa masikimu, mkazi kuntchito kwake ndi mwamuna kwanu, aliyense atalembetsa mnzake ndi ana omwewo.

Nkhani yobwereketsa khadi ndiyo yovuta, ndipo ndikufuna muione ndi mtima wofatsa. Wantchito wanu akukhala ku Chibavi kapena ku Zolozolo ndi ana ake atatu, mwana wa malemu mchemwali wake, ndi mayi ake amene abwera kuchokera kumudzi kudzalandira chithandizo. Sikimu imadziwa mkazi mmodzi ndi ana owerengeka. Mwana wa mchemwali uja akatentha thupi usiku, amapita naye ku kiliniki pa dzina la mwana wake. Kwa a sikimu chimenechi n'chinyengo, ndipo akachigwira akhoza kumuchotsa. Kwa iye ndi kulera. Kuopseza kokha sikuthetsa zimenezi. Chimene chimathandiza ndi kuwatsegulira khomo loyenera: amene akufuna kuwonjezera wachibale amulembetse mwalamulo ngati sikimu ikulola, ndalama yake izidulidwa pa malipiro ake. Muwauzenso choopsa chimene ambiri sachiganizira, choti mbiri ya matenda a mwana wina ikulembedwa pa dzina la mwana wina, ndipo tsiku lina dokotala adzapereka kapena kukana mankhwala potengera mbiri yolakwika.

Mbali inayo ndi ya opereka chithandizo. Makiliniki ambiri amagwira ntchito yawo moona mtima, koma paliponse pamene wolipira si wodwalayo, bilu imakonda kunenepa. Munthu wapita ndi mutu ndi kuphwanya m'thupi, akutuluka atayezedwa zinthu zisanu, atabayidwa jakisoni, atapatsidwa diripi ndi mitundu inayi ya mapiritsi. Ifenso odwala tili ndi mbali yathu, chifukwa ambiri timaona ngati sitidathandizidwe tikapanda kubayidwa. Chonsecho malungo wamba, akatsimikizika poyeza magazi pachala, mankhwala ake ndi LA, amene dziko lino lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira 2007, kumwa kawiri patsiku kwa masiku atatu; jakisoni ndi wa malungo aakulu kapena wodwala amene akusanza chilichonse. Chimfine wamba sichifuna amoxicillin. Uzani anthu anu zinthu ziwiri zosavuta: asasayine fomu yopanda kanthu, ndipo awerenge zomwe zalembedwapo asanasayine. Muwafotokozere kuti ndalama ya pachaka ya munthu aliyense ili ndi malire, ndiye ikathera pa zosafunika mu June, mu October adzakhala akulipira yekha. Munthu akamva kuti ndi zake zomwe zikutha amayamba kufunsa mafunso.

Pa mankhwala, azifunsa ngati pali a mtundu womwewo otsika mtengo. Mankhwala amodzimodzi amapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo mitengo imatalikirana kwambiri pomwe mphamvu ndi imodzi, bola akhale ovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndipo agulidwe ku famase yolembetsedwa. Apa sindikunena za mapiritsi a pa benchi mumsika, oyanikidwa padzuwa. Shortfall yambiri imene ikukuvutitsaniyo imabadwira pomwepa, pamene mtengo wa kiliniki kapena wa mankhwala waposa umene sikimu idagwirizana kulipira. Funsani a sikimu kuti mu Mzuzu ndi malo ati amene amatsata mitengo yawo kapena kuyandikirako, mndandandawo muumate pa bolodi.

Pali chithandizo china chimene palibe chifukwa chochilipirira. Ma ARV akhala aulere m'dziko muno kuyambira 2004. Mankhwala a TB ndi aulere, katemera wa ana ndi waulere, sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, njira zakulera, kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, zonsezi zimapezeka m'zipatala za boma monga Mapale ndi Mzuzu Central. Chimene chimathamangitsa wantchito kumeneko si mtengo koma mzere, ndi mantha oti kapitawo amulemba kuti wajomba. Mukamupatsa theka la tsiku lolipidwa kuti akatenge mankhwala ake a miyezi ingapo, popanda kumufunsa kuti ndi a chiyani, mwawononga zochepa kwambiri poyerekeza ndi bilu ya pulayiveti. Musaiwalenso zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, monga St John's m'tauni momwemu ndi Ekwendeni, zimene zimalipiritsa koma mitengo yake nthawi zambiri imakhala yofikirika.

Tsopano ndifike pa chimene ndimachiona chachikulu kuposa zonse, chomwe mabwana amachinyalanyaza chifukwa sichifuula: BP ndi shuga. Kafukufuku wa STEPS wa 2009, amene adachitidwa ndi Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi WHO, adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo unyinji wa iwo sankadziwa n'komwe. Pa anthu 42, musakayike, alipo angapo amene akuyenda nayo, ndipo mwina ndi aja odalirika a zaka za m'ma 40 ndi 50, dalaivala wa lole yanu, kapitawo, wodziwa kunola macheka. BP siwawa. Munthu amagwira ntchito bwinobwino mpaka m'mawa wina wagwa ndi sitiroko, kapena impso zaleka kugwira ntchito. Mapiritsi a BP ndi shuga ngati amlodipine, HCTZ kapena metformin ali m'gulu la mankhwala otsika mtengo kwambiri. Sitiroko imatenga masabata m'chipatala, miyezi ya mafizo, ndipo nthawi zina munthuyo sabwereranso pa ntchito. Kwa ife a kumpoto mtengo umakwera kawiri, chifukwa chithandizo china cha akatswiri chimafuna ulendo wa ku Lilongwe, makilomita opitirira 350 pa M1, kapena ku Blantyre, ndipo china mpaka ku India kapena South Africa. Thiransipoti, malo ogona ndi chakudya cha gadiyani, zimenezo sikimu kawirikawiri silipira, ndipo mukudziwa kale kumene pempho lake limafikira.

Makina oyezera BP a mabatire ndi otsika mtengo kuposa tayala limodzi la lole. Gulani, mugwirizane ndi namwino kuti azibwera kamodzi pamwezi kapena pa miyezi itatu, m'chipinda chotseka chitseko, zotsatira zizilembedwa m'buku la kuchipatala la mwini wake osati m'faelo ya kampani. Masikimu ena amatumiza anthu awo kudzayeza kwaulere mukawapempha, poti nawonso zimawapindulira. Koma kuyeza kokha kulibe ntchito ngati wopezeka nayo sakumwa mankhwala mosadukiza. Ambiri amamwa mwezi umodzi, akamva bwino n'kusiya, ena n'kusamukira ku adyo ndi mandimu. Onetsetsani kuti alembetsedwa ku sikimu ngati odwala matenda a mgonagona, chifukwa masikimu ambiri ali ndi thumba lapadera la mankhwala oterewa ndipo sayamba kulipira munthu asanadzaze fomu yake. Zimenezi sizitsitsa bilu ya chaka chino, ndisakunamizeni; zimaoneka pakapita zaka ziwiri zitatu.

Za mowa ndingodutsapo: wojomba Lolemba lililonse mukhoza kumulozera ku St John of God, amene ali mu Mzuzu momwemu ndipo amathandiza za maganizo ndi za kumwa, musanafike pomulembera kalata yomaliza.

Poti ntchito yanu ndi ya macheka, pali ndalama ina imene mwina ikusakanikirana. Munthu akadulidwa chala pa makina, kapena chipika chikamugwera potsitsa lole yochokera ku Chikangawa, imeneyo ndi nkhani ya Workers' Compensation Act ya 2000, yomwe imaika mtengo wa chithandizo ndi chipepeso pa olemba ntchito. Masikimu ambiri salipira kuvulala kwa pantchito, ndipo akazindikira kuti bala lidalembedwa ngati la kunyumba amakana. Fufuzani ngati muli ndi inshuwalansi yapadera ya zimenezi. Ndipo lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito limafuna kuti makina oopsa akhale otchingidwa, antchito apatsidwe zodzitetezera, ndipo pakhale bokosi la chithandizo choyamba. Utuchi umene anyamata anu amapuma tsiku lonse ndiwo umabwerera ngati bilu ya chifuwa ndi maso, makamaka mu June ndi July pamene Mzuzu wazizira. Zotchinga pamphuno ndi magalasi zilipo m'mashopu a hardware. Chovuta ndi kapitawo woonetsetsa kuti zavalidwa.

Mukachita zonsezi n'kuona kuti mtengo ukadali wolemera, pamenepo m'pamene mungakhudze pulani yeniyeniyo, ndipo mudule kuchokera ku zing'onozing'ono. Magalasi a maso, zina za mano, malire a kuonana ndi dokotala, izi munthu akhoza kuzipirira kapena kuzikonzekera. Kugonekedwa, opaleshoni, uchembere ndi mankhwala a mgonagona musazikhudze. Mabwana ambiri amachita mosemphanitsa, amasankha pulani yotsika imene ikusangalatsa anthu ndi Panado waulere koma ikutha mphamvu tsiku lachitatu munthu ali m'wodi. Kugawana mtengo ndi antchito, mwachitsanzo kampani 75 pa 100 iliyonse iwo 25, n'kwabwino, koma muyang'ane malipiro: ndalama imene akauntanti saimva, kwa mlonda ndi ndiwo za sabata. Olandira zochepa asonkhe gawo lochepa.

Funsaninso mitengo kwa ena. Kupatula MASM, imene ndi yaikulu ndi yodziwika kwambiri, alipo masikimu ena monga MedHealth, ndipo ma broker a inshuwalansi akhoza kukusonkhanitsirani mitengo. Yambani miyezi itatu mgwirizano usanathe, chifukwa wofunsa kutatsala sabata alibe mphamvu. Koma musakopeke ndi chiwerengero chokha. Pitani nokha ku makiliniki ndi mafamase awiri atatu amene anthu anu amapitako, mukafunse ngati amalandira khadi la sikimuyo ndiponso ngati imawalipira pa nthawi yake, chifukwa khadi limene likukanidwa pa kauntala mu Mzuzu lilibe ntchito ngakhale litalandiridwa paliponse ku Blantyre. Funsani za nthawi yodikira: olowa kumene amauzidwa kudikira miyezi ingapo asanathandizidwe pa uchembere kapena pa matenda amene anali nawo kale. Gulu likamasamuka lonse pamodzi mukhoza kupempha kuti nthawiyo ichotsedwe, koma zilembedwe, osati za pakamwa. Ichinso n'chifukwa china chosatulukira mwachisawawa, poti mukadzafuna kubwerera mudzayambira kumchira.

Za adivansi ya shortfall, ichotseni pa tebulo panu. Khazikitsani kathumba kozungulira, kampani iikepo poyambira, koyendetsedwa ndi komiti ya antchito atatu, kokhala ndi malire a munthu mmodzi, kobweza pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja, ndipo ndalama izipita ku chipatala mwachindunji poonetsa bilu. Mudzapumula, nawonso adzasiya kufotokoza matenda a akazi awo kwa bwana kuti amveredwe chisoni.

Chilichonse chimene musinthe, itanani anthu onse pabwalo, muwaonetse kalata ya a sikimu ndi chiwerengero chake chenicheni, wina afotokozenso m'Chitumbuka kwa amene amamva bwino chimenecho, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe, aliyense asayine. Adzakufunsani funso limodzi, ndiye likonzekereni: kodi inuyo, bambo ndi mamanejala muli pa pulani iti? M'makampani ambiri anthu anayi kapena asanu a pamwamba, ndi mabanja awo, amadya gawo lalikulu ndithu la bilu yonse chifukwa ali pa pulani yapamwamba. Werengani gawo limenelo madzulo ano ndi bambo musanaitane msonkhanowo, muone ngati kutsika sitepe imodzi kwa inu nokha sikungabweze theka la zomwe kalatayo yawonjezera.